Phula, Utoto ndi Phala la Tirigu ku Mfuwe

Mlendo amene watera ndi ndeke pa bwalo la Mfuwe, m'boma la Mambwe, amatsala ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 25 kuti afike pa cipata ca nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Asanaone njovu kapena kambuku, amayamba waona nsalu. M'mbali mwa msewu umenewu muli malo ochedwa Tribal Textiles, amene mai Gillie Lightfoot anayambitsa m'caka ca 1991, kumene amuna ndi akazi a ku Malambo amajambula maluwa, mbalame ndi nyama pa nsalu za thonje. Alendo ambiri nsaluzi amazicha batiki, poganiza kuti zinalembedwa ndi phula lotentha. Koma m'nsalu zimenezi mulibe phula ngakhale dontho limodzi.

Batiki weniweni kwao ndi ku cisumbu ca Java m'dziko la Indonesia, ndipo m'caka ca 2009 bungwe la UNESCO linaika luso limeneli pa mndandanda wa cuma ca mtundu wa anthu. Nzeru yake ndi yapafupi. Phula ndi madzi sizimvana, cotero pamene mmisiri wapaka phula, utoto sulowa. Nsalu akaiviika m'utoto ndi kucotsa phulalo, malo onse amene anachingidwa amatsala oyera. Pofuna mitundu ingapo, amayamba ndi wowala monga wacikasu, napakanso phula, natsiriza ndi wakuda.

Zida zake ndi zocepa. Cacikulu ndi cimene Ajava amacicha canting, kambiya ka mkuwa kokhala ndi kampopi kakang'ono, kolumikizidwa ku cigwiriro ca nsungwi. Mmisiri amatunga nako phula m'poto nalemba pa nsalu monga ndi colembera. Pa malo aakulu amagwiritsa nchito burashi, koma iyenera kukhala ya ubweya wa nyama, pakuti ya nailoni imapiringizika ikamva moto. Pafunikanso felemu ya matabwa yokungirapo nsalu, ndi nsalu ya thonje yocapidwa kale kuti sitaci ya m'sitolo icoke. Utoto uyenera kukhala uja wogwira m'madzi ozizira, cifukwa madzi otentha angasungunule cithunzi conse nchito isanathe.

Phula lilipo la mitundu iwiri (la pamsewu lija lisawerengedwe pano). La njuci limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo likauma limapindika pamodzi ndi nsalu osasweka. La makandulo, limene m'mabuku amalicha la parafini, ngakhale kuti si parafini wa m'nyali, ndi lophanthuka msanga. Likasweka, utoto umalowa m'ming'alu ndi kusiya timizere tonga mitsempha ya tsamba, timene ogula amatikonda kwambiri. Amisiri amasakaniza mitundu iwiriyi monga mwa kufuna kwao: wofuna mizere yosalala amaculukitsa la njuci, wofuna ming'alu amaculukitsa la makandulo.

Pa mbaula m'pamene pali ngozi. Phula likayamba kufuka utsi ndiye kuti latentha mopitirira, ndipo likhoza kuyaka monga mafuta. Njira yabwino ndiyo kuika citini ca phula m'poto wa madzi owira, pakuti madzi sapyola madigiri 100. Likayaka livundikiridwe ndi civundikiro kapena mcenga. Madzi amangolimwaza ndi kukuza moto. Pomaliza nchito, phula limacoka mwa kuwiritsa nsalu, kapena mwa kuisita pakati pa mapepala amene amalimwa.

Palinso njira ina yakale koposa, yosakaniza utoto wa ufa m'phula lenilenilo ndi kupaka pa thabwa lidakali lamoto. Zithunzi za nkhope za anthu akufa zimene zinapezeka ku Fayum, m'dziko la Egypt, zinajambulidwa motero zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo zambiri mwa izo zikali kuwala mpaka lero.

Nanga a ku Mfuwe amacita bwanji? M'malo mwa phula amapanga phala la ufa wa tirigu ndi madzi. Phalalo amalifinyira pa nsalu kutsata mizere ya cithunzi, nayanika nsalu pa dzuwa. Ikauma, ojambula amapaka utoto ndi burashi pakati pa mizereyo. Kenaka nsalu imalowa mu uvuni kuti utoto ugwire, ndipo ikatuluka imacapidwa, phala louma lija nkupalidwa. Osoka amatsiriza popanga zoyala pa thebulo, zophimba mitsamiro ndi zokolowekera pa khoma. Nzeru yotere siili ku Malambo kokha. Ayoruba a ku Nigeria amachinga nsalu zao ndi phala la cinangwa, ndipo ku Zimbabwe amatero ndi phala la ufa wa cimanga.

Ubwino wa phala ndi woonekeratu. Silifuna makala, siliocha dzanja, ndipo dzuwa la m'cigwa ca Luangwa, limene mu Okutobala limapyola madigiri 40, limaumitsa mwaulere. Komabe phala silingalembe kamzere kopyapyala ngati tsitsi monga momwe kambiya ka mkuwa kamacitira, ndipo silipirira kuviikidwa m'utoto kawiri katatu. Wacinyamata wa ku Mambwe amene akufuna kuti nsalu yake isiyane ndi zina zimene mlendo waona kale, mpata wake uli pa phula.

Ndipo phulalo silicita kucokera kutali. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, lakhala likulimbikitsa alimi a m'cigwaci kuweta njuci m'ming'oma ndi kugula uci wao. Cokhumudwitsa nca kuti pa midzi yambiri wofula uci akafinya zisa, zotsalazo amazitaya ku dzala kapena kupatsa ana kuti atafune. Uku ndi kutaya ndalama. Zisa zofinyidwa zikaikidwa m'madzi otentha, phula limayandama pamwamba. Likasefedwa pa cidutswa ca thumba ndi kusiyidwa usiku wonse, m'mawa limapezeka litaundana ngati mtanda wacikasu umene ungasungike zaka osaonongeka. Poto wa nchitoyi asakhale wa citsulo ca dzimbiri, cifukwa amadetsa phula.

Aphunzitsi a luso la manja m'masukulu a pafupi ndi bwalo la ndeke angayambe ndi phala, popeza ana ang'ono sayenera kuyandikira mbaula. A makalasi apamwamba angathe kuphunzira phula, mphunzitsi ali pomwepo. Kambiya ka mkuwa kakasowa, mmisiri wa zidebe wa pa msika angathe kupinda kacitini ndi kuboola nsonga yake, ndipo ka nsonga yopapatiza ndi kena ka nsonga yotakata ndi tokwanira poyambira.