TIKITI YA MNZAKO SIDYETSA ANA AKO

Sabata ino ndifuna ticezeko za njuga imene yalowa m'midzi mwathu mosaodira. Kale munthu wofuna njuga anali kupita kuseri kwa msika kumene anyamata anali kumenya makhadi, ndipo mudzi wonse unali kumuona. Lero njuga iri m'foni. Bambo akhoza kukhala pakhonde, mkazi wace ali kusinja pafupi pomwepo, ndalama za banja nkumatuluka popanda ndi mmodzi yemwe wakumva.

Cimene candikhudza ndi mwana wa mlongo wanga, mlimi wakhama ndithu. Atagulitsa soya wace anapatula K600 kuti adzaonjezere pogula fetereza. Sipanapite masabata atatu, ndalamayo inali itatha. Pamene ndinamfunsa, anaweramitsa mutu nati, "Amalume, sindinali kutaya ndalama mwacisawawa iai. Ndinali kutsata tikiti ya mnzanga wodziwa mpira. Pa matimu 12, imodzi cabe ndiyo inandidula."

Mau akuti "imodzi cabe" ndawamva kwa anthu ambiri, ndipo ndiwo andilembetsa nkhani ino.

Ma app a kubecha a masiku ano anapangidwa ngati bwalo la maceza. Munthu amaona matimu amene anzace asankha, amalandira nambala ya tikiti ya mnzace pa WhatsApp kapena pa Facebook, naikopa ndi cala cimodzi. Ma app ena amaika maina a opambana pamndandanda kuti onse aone. Ndalama nazo sizicedwa, pakuti zimacoka pa Airtel Money kapena pa MTN MoMo m'kamphindi. Zonsezi zimacititsa munthu kuganiza kuti sali yekha, ndi kuti pamene pali anthu ambiri pali nzeru. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiyambe ndi masamu, cifukwa masamu sakondera. Tinene kuti pa masewera ena pali mbali ziwiri zolingana mphamvu, ndipo kampani yaika ma odds a 1.90 ku mbali iriyonse. Munthu mmodzi abecha K100 mbali iyi, wina K100 mbali inayo. Kampani yalandira K200. Wopambana alandira K190. Yotsalayo, K10, ndi ya kampani, kaya wapambana ndani. Ndiye kuti pa kwacha iriyonse imene mubecha, ngwee 5 zapita kale mpira usanayambe. Umu ndimo kampani imapezera phindu lace, ndipo siisowa kunyenga munthu kuti idye.

Tsono taonani tikiti yaitali ija imene anyamata amaikonda. Tiyese kuti mwasankha masewera 10, ndipo pa masewera alionse mwai wanu wolondola ndi 7 pa 10. Umenewu ndi mwai wabwino ndithu. Koma kuti onse 10 alondole pamodzi, mwai umatsika kufika pafupifupi 3 pa 100. Ndiye kuti pa matikiti 100 otere, okwanira 97 adzafa, ndipo ena mwa iwo adzafa ndi timu imodzi kapena ziwiri. "Imodzi cabe" si tsoka lanu, ndi mmene tikitiyo inapangidwira. Kuonjezera apo, gawo la kampani limakula ndi timu iriyonse imene muonjeza. Ngwee 5 zija, pa masewera 10 zimafika pafupifupi ngwee 40 pa kwacha. Nkosadabwitsa kuti makampani ambiri amalonjeza bonasi kwa iye wotalikitsa tikiti.

Nanga mnzanu wodziwa mpira uja? Mnzanu amakuonetsani tikiti imene inapambana. Zimene zinafa amazifufuta mwakacetecete, monga mlenje amene amasimba za tsiku limene anapha insa, osachula masiku amene anabwera cimanjamanja. Mndandanda wa opambana nawo umaonetsa anthu ocepa a pamwamba, koma khamu la odyedwa siliikidwa poyera.

Palinso aneneri a mpira amene amagulitsa zimene amati ndi masewera okonzedwa kale. Njira imodzi ya cinyengo cao ndi iyi. Munthu atenga manambala a foni a anthu 320. Theka auza kuti zigoli zidzafika zitatu, theka linalo auza kuti sizidzafika. Mpira utatha, anthu 160 alandira ulosi woona. Iye asiya enawo, nagawanso pawiri amene atsala. Akacita cotero kasanu, patsala anthu 10 amene aona ulosi ukukwaniritsidwa kasanu kotsatizana. Amenewa ndiwo auzidwa kuti, "Tsopano lipirani." Mneneriyo sadziwa kanthu za mpira, amadziwa kugawa pawiri basi. Dzifunseni: munthu wodziwadi zotsatira za mawa, angavutikirenji kupempha K50 yanu?

Ife a m'Zambia tiyenera kudziwa kuposa ena kuti mpira ulibe mwini. Mu 1988 ku masewera a Olympics a ku South Korea, anyamata athu anagonjetsa Italy 4-0, Kalusha Bwalya namwetsa zigoli zitatu. Mu 2012 ku Libreville, Chipolopolo inatenga cikho ca Africa pogonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba 8-7 pa mapenoti. Ku England, makampani anapatsa Leicester City mwai wa 1 pa 5,000, koma inatenga ligi mu 2016. Mu 2022 ku Qatar, Saudi Arabia inagonjetsa Argentina 2-1, ndipo Argentina yomweyo ndiyo inadzanyamula cikho ca dziko lonse. Masiku onsewa anthu amene anati "iyi njosakaikitsa" anagona ndi cisoni. Cimene cimakometsa mpira ndico comwe cimapha matikiti.

Cotero njira yocepetsera ngozi si kufunafuna mneneri woposa wa dzulo. Njira iri pa ndalama zanu, pakuti ndico cinthu cokha cimene inu muli naco ulamuliro. Wosabecha konse ndiye wasankha bwino koposa. Koma popeza ndidziwa kuti ena sadzaleka, nawa malangizo anga.

Coyamba, dulani malire mwezi usanayambe. Patulani ndalama imene mungaitaye osalira, monga ya sopo wa ndevu kapena ya cakumwa, ndipo muiyese mtengo wa cisangalalo, osati mbeu yoti idzabale. Ndalama ya fetereza, ya kucigayo, ya yunifomu ya mwana, ya kucipatala ndi ya cilimba isayandikire foni ya njuga. Ngati nkotheka, ikhale pa nambala ya amai a kunyumba.

Caciwiri, gawani ndalamayo m'zigawo 20 zofanana, ndipo musaike zoposa gawo limodzi pa tikiti imodzi, ngakhale mtima utanena motani. Zikatha, mwatha mpaka mwezi wa mawa.

Cacitatu, fupikitsani tikiti. Masewera amodzi kapena awiri a matimu amene mumawadziwa aposa khumi a m'maiko amene simungathe kuwaloza pa mapu. Dziwani amene avulala, amene aletsedwa kusewera, ndi timu imene iri pakwao. Ngakhale mutero, gawo la kampani likhalapobe, koma silikula ngati pa tikiti yaitali.

Cacinai, musathamangitse ndalama yodyedwa. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Wadyedwa K20 aika K40 kuti abweze, kenaka K80, kenaka K160, ndipo pa ulendo wacisanu aika K320. Zonse pamodzi ndi K620, ciyambi cace K20. Mwana wa mlongo wanga anayenda njira yonga yomweyi.

Cacisanu, musakope tikiti imene simunaimvetse. Mnzanu akakutumizirani nambala, mpempheni akuonetseni matikiti ace onse a mwezi wathunthu, opambana ndi akufa omwe. Akakana, mwayankhidwa. Dziwaninso kuti ena olengeza matikiti amalandira mphotho kwa kampani pa munthu aliyense amene amkokera kumeneko.

Cacisanu ndi cimodzi, lembani m'kabuku ngwee iriyonse yolowa ndi yotuluka. Mutu umakumbukira tsiku la cimwemwe, kabuku kamakumbukira masiku onse.

Cacisanu ndi ciwiri, musabeche ndi ngongole, musabeche mutamwa, ndipo musabeche mpira uli m'kati pamene mtima uli kuthamanga. Gwiritsani nchito kampani yokhala ndi cilolezo ca Boma, musauze munthu PIN yanu, ndipo foni yotere isapatsidwe kwa mwana wosafika zaka 18. Ma app ena ali ndi malo oikira malire a ndalama kapena odzitsekera kwa kanthawi. Afuneni lero, mutu ukali wozizira.

Pali njira inanso imene ndiikonda. Ku America kuli ma app, monga Fliff, amene anthu amapikisana kulosera mpira ndi makobili a masewera opatsidwa ulele. Nawonso ali ndi msampha wace, pakuti amagulitsa makobili oonjezera. Koma nzeru ya kupikisana popanda ndalama tikhoza kuitenga osagula kanthu. Sonkhanani anzanu asanu, aliyense alembe ulosi wace m'kope Lacisanu, ndipo Lolemba muwerenge. Citani cotero miyezi iwiri. Mudzaseka, mudzanyozana mwacibale, ndipo mudzaona ndi maso anu kuti katswiri wa m'mudzi mwanu amaphonya kangati.

Potsiriza, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera njuga yosaletseka pakati pa matenda. Zizindikiro zace nzodziwika: kubisa foni, kunama za ndalama, kukongola, kugulitsa nkhuku kapena thumba la cimanga mobisa, kusowa tulo ndi kukwiya msanga. Mukaona zotere mwa inu kapena mwa mbale wanu, musacite manyazi. Uzani munthu wamkulu amene mumamkhulupirira, ndipo pitani kucipatala mukapemphe uphungu. Inu akubanja, musayambe ndi kunyoza, cifukwa wonyozedwa amabisala, ndipo njuga imakula mumdima.

Mwana wa mlongo wanga caka cino adzathira fetereza wocepa, ndipo nkhokwe yace idzacitira umboni. Mnzace uja akali kutumiza matikiti, ndipo sanabwere kudzafunsa kuti ana adya ciani. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Tsalani bwino, tidzaceza sabata ya mawa.