CHENJEZO: Matanthwe a Korali a ku Mozambique Akufa, Tisawamalize ndi Manja Athu

Uthenga uwu ukupita kwa asodzi, ogulitsa nsomba zouma, madalaivala a pa msewu wa ku Beira ndi ku Nacala, ndiponso onse opita kukapuma kugombe la nyanja ya mchere.

Chimene ambiri amachiona ngati mwala pansi pa madzi a ku Quirimbas ndi ku Bazaruto ndi chamoyo. Matanthwe amenewa amamangidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta korali, ndipo ntchito ya zaka mazanamazana imatha kugumulidwa ndi nangula kapena khoka limodzi m'mawa umodzi. Matanthwewa sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira iwo. Ndimo nsomba zimaswana, ndimonso tiana take timabisala. Komanso mafunde amayamba aswekera pamenepo asanafike pa nyumba za anthu. Amene anaona namondwe wa Kenneth akusesa chilumba cha Ibo mu 2019, kapena Freddy akulowera ku Quelimane mu 2023 n'kudzalirisa Blantyre, akudziwa kuti gombe lopanda chotchinga ndi tsoka.

Korali wadwala kale. Madzi akatentha mopitirira muyeso, amataya ndere zimene zimakhala m'thupi mwake n'kumamudyetsa, kenako amayera mbee ndipo akhoza kufa ndi njala. Zinachitika mu 1998 kugombe lonse la kum'mawa kwa Africa, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la NOAA linalengeza kuti vutoli lagweranso nyanja za dziko lonse kachinayi. Korali wofooka chotere akhoza kuchira akasiyidwa pamtendere. Akamapondedwanso ndi kukokedwa ndi makoka, ndiye kuti watha.

Nyama nazo zili pa ngozi. Ku Bazaruto, malo otetezedwa kuyambira 1971, n'kumene kwatsala gulu lomaliza lodalirika la dugong, nyama yoyamwitsa yodya udzu wa pansi pa nyanja, m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa. Mu Disembala 2022 bungwe la IUCN linati zazikulu zotsala sizikufika 250. Yaikazi imakhala ndi bere kupitirira chaka, imabereka mwana mmodzi, n'kutha zaka zingapo isanaberekenso. Ikakodwa m'matchera imalephera kutuluka kukapuma, n'kufera pomwepo. Akamba a m'nyanja, omwe ku Mozambique kuli mitundu isanu, amafanso chimodzimodzi.

Choncho tikupemphani:

Musagule zidutswa za korali, zigoba za akamba, mazira awo kapena nyama yawo, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani. Malamulo a Mozambique amateteza akamba ndi dugong, ndipo pangano la CITES limaletsa malonda a akamba pakati pa mayiko.

Asodzi, masikito ndi ogonamo. Mukawaponya m'madzi mumakokolola tiana ta nsomba timene mukadadzagulitsa chaka chamawa. Amalonda, kanani nsomba zophedwa motero.

Oyendetsa mabwato, ponyani nangula pamchenga. Osambira, musaponde kapena kuthyola korali.

Mukapeza kamba kapena dugong m'ukonde, dulani ulusi msanga nyamayo ipume, kenako dziwitsani alonda a paki kapena akuluakulu a zausodzi a m'dera lanu. Ukonde mudzausoka madzulo omwewo, koma dugong yaikazi imodzi ikafa, malo ake amatenga zaka zambiri kuti adzazidwe.