Kodi Mwana Wonenepa Ndiye Wathanzi?

Amayi anzanga, mlungu uno tikambirane za matupi a ana athu, makamaka aja a Sitandade 1 mpaka 4 amene angoyamba kumene kunyamula kope.

Ife tinakula tikumva kuti mwana wonenepa ndiye wosamalidwa bwino, ndipo mayi wake ankayenda monyadira. Chifukwa chake chinalipo: tinaona ana akunyentchera, tsitsi litafiira, mimba zitatupa. Koma zinthu zatembenuka. Akatswiri amene anasonkhanitsa miyeso ya ana a m'maiko ambiri anapeza kuti mu 1975 ana onenepa mopitirira muyeso, a zaka 5 mpaka 19, analipo 11 miliyoni pa dziko lonse. Pofika 2016 anakwana 124 miliyoni. Mu 2025 bungwe la UNICEF linalengeza kuti, kwa nthawi yoyamba, ana onenepa kwambiri a msinkhu umenewu anachuluka kuposa owonda. Kuno ku Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara owonda anali akadali ochuluka, koma tisadzinamize kuti nkhaniyi ndi ya Azungu okha.

Kwathu ku Malaŵi vuto lili pawiri. Mu 2010 ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndiye kuti aafupi poyerekeza ndi zaka zao. Pofika 2016 anatsika kufika pa 37. Tiyamike, pakuti ndi ntchito ya manja athu. Komabe msinkhu umene mwana wataya m'zaka zake ziwiri zoyamba subwerera msanga. Mukam'dyetsa za shuga ndi mafuta pofuna kuti apeze anzake, iye amakula cham'mbali, osati chokwera. Motero m'nyumba imodzi mungapezeke mwana wamfupi koma wonenepa, mayi n'kumakondwa kuti wachira. Kunenepa kwa paubwana kawirikawiri kumam'tsata munthu mpaka atakula, ndipo kumaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Tsono taimani pachipata cha sukulu nthawi yopuma, muone chimene ana akugula: mandasi, tchipisi, masuwiti, mafrizesi ofiira ngati utoto, ndi tizakudya ta m'mapepala tongodzaza mchere ndi mafuta. Kale izi zinali za m'tauni, lero zafika ndi pa golosale ya kumudzi. Ogulitsawo sindiwadzudzula, ambiri ndi amayi anzathu ofuna sopo. Koma ndalama imene mwana akugulirayo tam'patsa ndife, poti m'mawa tinalibe nthawi yoika mbatata pamoto. Ena tikuchita manyazi kuti mwana wathu aonedwe ndi chinangwa m'thumba, ati tingaoneke osauka. Manyazi otere ndi odula ndithu!

Nanga masewera? Ife tinkachita fulaye, phada ndi jingo mpaka mayi atiitane ndi kamtengo m'manja. Ana ambiri a lero akaŵeruka amangokhala pa wailesi ya kanema kapena pa foni ya bambo ao. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti mwana wa msinkhu wa sukulu azithamanga kapena kusewera mwamphamvu kwa ola limodzi tsiku lililonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: mwana akakwanitsa zaka zisanu timasiya kupita naye kusikelo, khadi n'kuliponya pansi pa sutikesi. Kuyambira pamenepo palibenso womuyeza, ndipo thupi limasintha ife osazindikira. Muimikeni pa chitseko poyamba teremu iliyonse, mulembe mzere ndi pensulo pamene pafika mutu. Ngati chaka chatha mzerewo sukukwera, koma yunifomu mukuikulitsa m'chiuno, pitani naye kuchipatala akamuyeze.

Musam'mane chakudya, ndiponso musam'seke kapena kum'tchula maina pamaso pa anzake. Mwana wonyozedwa amadya mobisa. Sinthani mphika wa banja lonse, osati mbale yake yokha. Adye phala lotsira nsinjiro asananyamuke, ndipo pa nsima pasasowe ndiwo zamasamba, nyemba kapena usipa. M'thumba muikemo mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi kapena masuku m'nyengo yake, ndi botolo la madzi akumwa. Mbatatayo iphikeni madzulo pamene mukupakula nsima, kuti m'mawa mungoikulunga.