Fizikisi Siphunzirika ndi Makutu Okha

M'sukulu zambiri za sekondale muli chizolowezi chimene chiyenera kudzudzulidwa poyera. Mphunzitsi amajambula galafu ya mtunda ndi nthawi pa bolodi, ophunzira nakopera ndi kuloweza kuti mzere wogona utanthauza chinthu choima. Komatu wina atawauza kuti ayende pabwalo monga momwe galafuyo ikunenera, ambiri angangoti kakasi. Uku si kuphunzira ayi, ndi kubwereza mawu ngati chinkhwe.

Akatswiri amene adatulukira nzeruzi ankagwiritsa ntchito manja. Galileo Galilei wa ku Italy, m'buku lake la mu 1638, adafotokoza momwe ankagubuduzira kampira ka mkuwa pa thabwa lopendekeka. Popeza wotchi yodalirika kudalibe, ankayesa nthawi ndi kulemera kwa madzi otuluka m'chotengera. Adapeza kuti nthawi ikawirikizidwa kawiri, mtunda umawirikizidwa kanayi. Malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu amene Isaac Newton adafalitsa mu 1687 adamangidwa pa maziko otere.

Ena amadandaula kuti sukulu zilibe labotale ngakhalenso zipangizo. Vutolo lilipodi, koma akuluakulu adati ukaipa dziwa nyimbo. Thabwa, mabo, rula ndi wotchi n'zokwanira kubwereza ntchito ya Galileo. Bwalo la mpira likalembedwa zizindikiro pa mamita 5 alionse, wophunzira mmodzi angayende, kuima, kenaka n'kuthamanga, anzake akulemba masekondi. Pojambula galafu adzaona okha kuti pamene mnzawo adathamanga mpamene mzere wakwera kwambiri. Njerwa yokokedwa ndi mphira pamchenga, kenaka pasimenti yosalala, imaonetsa mphamvu ya kukhulana, pakuti mphirayo imatamuka mosiyana.

Enanso amati zoterezi zimadya nthawi pamene silabasi ndi yaitali. Nanga phindu la kumaliza silabasi n'lotani ngati ophunzira aiwala zonse mayeso akangotha? Chimene munthu wachiyesa ndi manja ake sichichoka msanga m'mutu.

Nkhaniyi siithera pa mayeso. Dalaivala amene wawirikiza liwiro kawiri amafunika mtunda wowirikiza kanayi kuti mabuleki aimitse galimoto. Amene sadamvetse zimenezi amaika miyoyo ya anthu pachiswe. Ndipo amisiri omanga milatho ndi okonza makina a mawa ali m'makalasi omwewa lero. Choncho aphunzitsi ayambe atula choko pansi, atulutse ophunzira panja kuti akayese okha. Bolodi lidze pambuyo kudzalongosola zimene maso aona kale.