Browser ya m'foni mwanu ikugwirira ntchito ndani?

Munthu akagula foni ya Android, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, amapeza Chrome ili kale m'menemo, ndipo ambiri saganizanso zoisintha. Amaiyesa chiwalo cha foniyo, ngati batire kapena galasi. Koma browser, pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti, ndi katundu wa kampani, ndipo kampani iliyonse ili ndi podyera pake. Chrome ndi ya Google. M'chaka cha 2023, Alphabet, yomwe ndi kholo la Google, inapeza madola a ku America okwana 307 biliyoni, ndipo mwa ndalama zimenezi pafupifupi 238 biliyoni zinachokera ku malonda otsatsa. Ndiye kuti khomo limene anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse amalowera pa intaneti linamangidwa ndi wotsatsa malonda wamkulu kuposa onse padziko lapansi. Ine ndikuti munthu ali ndi ufulu wotseka malonda amene amamulondalonda, ndipo ufuluwo umayambira pa kusankha browser, pakuti mlonda amene amalandira malipiro kwa wina sangalondere nyumba yako ndi mtima wonse.

Kutsatsa malonda pakokha kulibe vuto. Nyuzipepala ndi wailesi zakhala zikudalira ndalama za otsatsa kuyambira kalekale, ndipo chikwangwani cha m'mbali mwa msewu chimalankhula kwa aliyense wodutsa popanda kumufunsa dzina kapena kumutsatira mpaka kwawo. Malonda a pa intaneti amasiku ano sayenda choncho. Mukatsegula tsamba, kuseri kwake kumabwera timapulogalamu ta makampani ena amene simunawaitane. Ena amasiya m'browser mwanu kachizindikiro kotchedwa cookie, kamene kamawathandiza kukuzindikirani mukakafika pa tsamba lina. Ena amangoona mtundu wa foni yanu, kukula kwa galasi lake, chinenero chimene munasankha ndi dera limene muli, n'kuphatikiza zonsezi kukhala chidindo cha inu nokha. Kenako pamachitika okushoni. Aliyense amene anaonapo mabelo a fodya atandandalikidwa ku Kanengo, ogula akuyenda m'mizere n'kumatchula mitengo, angamvetse mmene zimachitikira, kungoti pa okushoni iyi belo ndi inuyo. Tsamba lisanamalize n'kutseguka komwe, mbiri yanu imakhala itatumizidwa kale kwa makampani ambirimbiri kuti apikisane pa mwayi wokuonetsani malonda awo. Wopambana ndi mmodzi, koma mbiriyo aiona onse. Bungwe la Irish Council for Civil Liberties linawerengera mu 2022 kuti mbiri ya munthu wa ku America imaulutsidwa chonchi maulendo 747 pa tsiku, ndipo ya munthu wa ku Ulaya maulendo 376. Mlimi wa fodya amalandirako kangachepe belo lake likagulidwa, pamene mwini mbiriyi salandira kanthu, ndipo nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti wagulitsidwa.

Ambiri amayankha kuti alibe chobisa, choncho amene akufuna kuwatsatira awatsatire. Mawu amenewa amaiwala zimene anthu amafunsa foni zawo usiku ali okha. Mtsikana amafufuza zizindikiro za pathupi asanauze mayi ake. Bambo amafufuza za matenda amene akuchita manyazi kuwatchula kuchipatala. Wina amafufuza kokongola ndalama mwachangu, wina za kubetcha mpira. Zonsezi si milandu, koma ndi zamumtima, ndipo malonda olondola munthu amagwira ntchito bwino kwambiri pamene munthuyo ali wofooka: wothina ndi ngongole amamuonetsa akatapila, amene waluza pa kubetcha amamuitanira kubetcha kwina. M'mabanja ambiri kwathu kuno foni imodzi imadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo zimene wina anafufuza dzulo zingathe kubwerera lero ngati malonda pamaso pa mnzake. Mbiri ikasonkhanitsidwa siikhalanso m'manja mwa otsatsa okha. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook n'kuzigwiritsa ntchito pa ndale, ndipo chaka chotsatira boma la America linalipiritsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni. Palinso nkhani ya akuba. Mu December 2022 bungwe la FBI linachenjeza anthu kuti zigawenga zikugula malo otsatsira malonda pa masamba ofufuzira zinthu, n'kumadzionetsa ngati makampani odziwika pofuna kuba manambala achinsinsi, ndipo limodzi mwa malangizo ake linali lakuti anthu aike pulogalamu yotseka malonda. Ndipo kwa wogula bandulo ya tsiku limodzi pali nkhani yachidziwikire ya ndalama: kanema aliyense wa malonda amene amayamba yekha kusewera, ndi kapulogalamu kalikonse kolondola kamene kamatsika m'foni, zimadya data imene mwiniwake anaigula ndi thukuta lake.

Tsono funso n'lakuti ndani angatseke khomo limeneli, ndipo zimene zachitika m'zaka zapitazi zimayankha momveka. Apple inayamba kuchepetsa kulondola mu Safari m'chaka cha 2017, ndipo mu March 2020 inatsekeratu ma cookie a makampani akunja kwa tsamba. Mozilla inayamba kutsekera aliyense wogwiritsa ntchito Firefox ma cookie olondola mu September 2019, popanda munthu kusintha chilichonse. Google inalonjeza mu January 2020 kuti ichita zomwezo mu Chrome pasanathe zaka ziwiri. Tsikulo linasunthidwa kangapo, ndipo mu July 2024 kampaniyo inalengeza kuti ma cookie aja sachotsedwanso. N'zoona kuti oyang'anira mpikisano wa malonda ku Britain anali ndi nkhawa kuti njira imene Google inkafuna kuika m'malo mwake ikanaipatsa mphamvu zochuluka kuposa opikisana nayo, koma zimenezi zikungotsimikizira mfundo yomweyo, yakuti mwini browser akakhalanso mwini msika wa malonda, chilichonse chimene angachite chimakhudza thumba lake. M'chaka chomwecho cha 2024, Chrome inayamba kuzimitsa mapulogalamu owonjezera a mtundu wakale potsata malamulo atsopano otchedwa Manifest V3, ndipo imodzi mwa zimene zinagwa ndi uBlock Origin, pulogalamu yaulere yotseka malonda imene Raymond Hill anaiyambitsa mu 2014. Kale pulogalamuyi inkatha kuyang'ana chilichonse chimene tsamba likufuna kutsitsa n'kusankha yokha chokana. Tsopano pa Chrome pamaloledwa mtundu wake wochepa mphamvu, umene umangopereka mndandanda wa malamulo kuti Chrome ndiyo iwatsatire. Google imati inachita izi poteteza anthu ku mapulogalamu oipa, ndipo m'mawuwo muli choonadi, chifukwa pulogalamu imene imaona zonse ikhoza kubanso zonse. Komabe Firefox inalandira malamulo atsopanowo n'kusiya njira yakale ili yotsegula, kusonyeza kuti chitetezo sichinkafuna kuti chida cha wowerenga chibunthitsidwe. Pa foni za Android, zimene ndizo intaneti ya anthu ambiri kwathu, Chrome siilola n'komwe mapulogalamu owonjezera. Ngakhale Incognito, njira yobisa ya mu Chrome imene ambiri amaikhulupirira, imangobisa zimene mwachita kwa munthu amene adzagwire foniyo pambuyo panu. Mu 2024 Google inavomera kufufuta mabiliyoni a zolembedwa pofuna kuthetsa mlandu umene anthu anaisumira wakuti inkawatsatirabe ali m'menemo.

Mfundo yolemera kwambiri yotsutsa maganizo angawa ndi ya atolankhani, ndipo siyenera kupeputsidwa, makamaka m'nyuzipepala. Mtolankhani amafunika malipiro, galimoto yokatola nkhani imafuna mafuta, ndipo wowerenga amene amatseka malonda onse amaoneka ngati wodya pamaliro osapereka chipepeso. Koma tiyeni titsatire ndalamayo kumene imapita. Kafukufuku amene bungwe la otsatsa malonda ku Britain la ISBA linachita pamodzi ndi PwC mu 2020 anapeza kuti pa ndalama zimene wotsatsa amalipira kudzera m'misika yamakinayi, 51 peresenti yokha ndiyo imafika kwa mwini tsamba, ndipo 15 peresenti sinadziwike n'komwe kumene inalowera. Kafukufuku wina wa mu 2019, wa Veronica Marotta, Vibhanshu Abhishek ndi Alessandro Acquisti, anapeza kuti mwini tsamba amangopindula pafupifupi 4 peresenti yowonjezera pamene malonda akulondola wowerenga kusiyana ndi pamene sakumulondola. Kulondola kumalemeretsa adobadoba a pakati, ndipo kumalanda nyuzipepala chuma chake chenicheni, chomwe ndi owerenga ake: wotsatsa akangomudinda munthu pa tsamba la nyuzipepala yolemekezeka, amatha kukamupezanso pa tsamba lina lotchipa n'kulipira zochepa. Wailesi ya boma ya ku Netherlands, NPO, inasiya ma cookie olondola mu January 2020 n'kuyamba kuika malonda ogwirizana ndi nkhani imene munthu akuwerenga kapena kuonera, ndipo ndalama zake za malonda zinakwera m'miyezi yotsatira. Mu April 2025, woweruza Leonie Brinkema ku America anagamula kuti Google inaphwanya lamulo podziunjikira misika iwiri ya zida zimene eni masamba amagulitsira malo a malonda. Mdani wa mtolankhani si wowerenga wotopa ndi kulondoledwa ayi. Komabe wowerengayo ali ndi ngongole imene ayenera kubweza. Pulogalamu iliyonse yabwino yotseka malonda imalola kusiya masamba ena otsegula, ndipo tsamba la nyuzipepala imene mumaidalira liyenera kukhala pa mndandanda umenewo. Amene angathe agule pepala kapena alipire mwezi ndi mwezi. Eni nyuzipepala nawonso agulitse malo awo mwachindunji kwa amalonda a m'dziko muno, monga amachitira pa pepala, pakuti wogulitsa feteleza amadziwa kale kuti wowerenga tsamba la ulimi ndi mlimi.

Ena amati palibe browser yoyera, ndipo akunena zoona. Gawo lalikulu kwambiri la ndalama za Mozilla limachokera ku Google, imene imalipira kuti ikhale chofufuzira choyamba mu Firefox. Pa mlandu wa Google umene woweruza Amit Mehta anagamula mu August 2024 zinadziwika kuti Google inapatsa Apple madola 20 biliyoni m'chaka cha 2022 chokha pa mgwirizano wa mtundu womwewo. Brave, imene Brendan Eich anaitulutsa mu 2016, imatseka malonda popanda kuikamo china chilichonse, koma ili ndi malonda akeake ndi ndalama yake ya crypto, ndipo mu 2020 inapepesa itagwidwa ikuwonjezera chizindikiro chake chopezera komishoni pa maadiresi ena amene anthu ankalemba. Opera Mini, imene inatchuka mu Africa chifukwa chosunga data, ili ndi chotsekera malonda, koma imasunga datayo podutsitsa masamba pa makompyuta a kampaniyo, ndipo tsamba lake loyamba limadzaza ndi nkhani ndi malonda. Zonsezi n'zofunika kuzidziwa, koma sizikutanthauza kuti onse ndi amodzi. Muyeso wabwino ndi kuona zimene browser imakulolani kukana. Pa muyeso umenewu Firefox ili patsogolo, chifukwa pa Android imalola uBlock Origin yathunthu, ndipo injini yake, Gecko, ndi yakeyake, pamene Edge, Opera ndi Brave zonse zinamangidwa pa Chromium, maziko amene Google ndiyo imawongolera. Kwa munthu amene safuna kuvutika ndi kuika zowonjezera, Brave ndi yabwino kuposa kukhala chete ndi Chrome. Tsamba lina la banki kapena la boma likavuta kutseguka, palibe choletsa kusunga Chrome pa ntchito imeneyo yokha.

Browser siithetsa zonse. Malonda a m'kati mwa Facebook, TikTok ndi mapulogalamu ena a m'foni siiwafikira, ndipo kumeneko n'kumene ambiri amathera nthawi yawo. Koma ngakhale kumeneko umboni ukuonetsa kuti anthu akafunsidwa moona mtima, amakana. Apple italamula mu April 2021 kuti pulogalamu iliyonse ya pa iPhone izipempha kaye chilolezo isanalondole munthu, okana anachuluka mpaka Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, inauza eni masheya ake kuti kusinthaku kudzaitayitsa pafupifupi madola 10 biliyoni mu 2022. Malamulo nawo akuyenda, ngakhale pang'onopang'ono. Mu January 2022 bungwe la CNIL ku France linalengeza chindapusa cha mayuro 150 miliyoni kwa Google ndi 60 miliyoni kwa Facebook chifukwa kukana ma cookie kunali kovuta kuposa kuwavomera. South Africa ili ndi lamulo la POPIA, Zambia inakhazikitsa lake mu 2021, ndipo Malawi ili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene linapereka udindo woyang'anira ku MACRA. Lamulo limeneli n'lofunika, ndipo MACRA iyenera kuligwiritsa ntchito molimba mtima, koma padzapita nthawi kuti dzanja lake lifike ku California, kwawo kwa Google ndi Facebook, pamene kusintha browser kumatenga mphindi zisanu. Inu amene mumagulitsa ndi kukonza mafoni m'misika, aphunzitsi a makompyuta, ndi achinyamata amene makolo amakupatsirani foni kuti muwakonzere, musangoikamo WhatsApp n'kubweza. Ikanimo Firefox ndi uBlock Origin kapena Brave, lowani m'makonzedwe a Google mufufute nambala ya malonda ya foniyo, ndipo muwasonyeze eni ake potsegulira tsamba la nyuzipepala imene akufuna kuithandiza.