Tigule galimoto yomwe tingathe kuikonza tokha



Chiyambire tsiku lomwe mnyamata wina wa Fomu 3 anationetsa kanema yemwe achimwene ake anatumiza kuchokera ku Joni, mu kalabu yathu ya sayansi mulibenso nkhani ina koma ya tigalimoto toyendetsa ndi rimoti. Ndi tija ta mtundu wa buggy, ta matayala a timinga, tothamangitsana pa dothi n'kumadumpha milu. Kalabu ili ndi kangachepe kochokera ku dimba la ndiwo zamasamba, kholo lina lalonjeza kuwonjezerapo, ndipo a komiti apempha kuti amve kaye zomwe tikufuna kugula ndalama isanatuluke. Anyamata asankha kale: akufuna yothamanga kuposa zonse. Ine monga mphunzitsi woyang'anira kalabuyi ndikukana. Maganizo anga ndi oti tigule tigalimoto tiwiri tofanana, ta liwiro lochepa, tobwera m'zidutswa kuti timange tokha.

Ndiyambe ndi zomwe zili m'masitolo athu, chifukwa makolo ena andifunsa kuti bwanji osangogula zotchipa za m'tauni. Zimenezo ndi zidole. Ukakhudza rimoti, matayala amakhotera mpaka kumapeto kapena osakhota n'komwe, ndipo liwiro lake ndi limodzi. Giya imodzi ikathyoka, nkhani yathera pomwepo, poti sipeya yake palibe amene amagulitsa. Galimoto ya mpikisano imakhota molingana ndi mmene wapotozera chiwongolero cha pa rimoti, pang'ono kapena kwambiri, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi nambala yake yoti ungaitanitse. Marimoti a masiku ano amagwiritsa ntchito 2.4GHz, choncho magalimoto angapo amatha kuthamanga pamodzi osasokonezana monga zinkachitikira ndi akale a 27MHz.

Za injini sinditaya nthawi. Alipo a injini yeniyeni yoyendera mafuta osakaniza methanol, nitromethane ndi oyilo. Mafuta amenewo simungawapeze pa malo omwetsera mafuta agalimoto, ndipo phokoso lake pafupi ndi mzikiti ndi makalasi lingatidanitse ndi aliyense sabata yoyamba yomwe. Yathu ikhale ya batire, ya msinkhu wa 1/10, kutanthauza kuti ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a galimoto yeniyeni, pafupifupi masentimita 40 m'litali. Msinkhu umenewu uli ndi mipikisano ya dziko lonse yomwe bungwe la IFMAR linayamba kuyendetsa mu 1985, ndipo popeza anthu ambiri amayambira pamenepa, masipeya ake savuta kupeza.

Pomwe tikukangana kwenikweni ndi pa mota. Anyamata akufuna ya brushless, ndipo sakunama, imathamanga kwambiri komanso imakhalitsa. Koma taganizani munthu yemwe sanagwirepo rimoti, bwalo lathu lomwe lili ndi mitengo ya mango mbali ina ndi khoma la njerwa mbali inayi. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe galimoto imagundira khoma imawirikiza kanayi. A Fomu 3 mukudziwa chifukwa chake, zili m'buku lanu la Physics, ndipo amene waiwala adzandipeze Lolemba. Mota wamba ya mtundu wa 540, yomwe imabwera kale m'mabokosi ambiri a oyamba kumene, ndi yotsika mtengo, ndipo imam'patsa woyendetsa mpata woona cholakwa chake asanaphwanye kanthu. Mpikisano wa pa dothi uli ndi makona ambiri kuposa malo owongoka. Amene wagubuduzika kamodzi n'kudikira mnzake kuti akam'dzutse wataya nthawi yomwe mota iliyonse singabweze.

N'chimodzimodzi nkhani ya matayala okoka. Ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, imagwira bwino pansi ndipo siivuta kuyendetsa, izi ndikuvomera. Koma ili ndi magiya ambiri, malo ambiri olowa fumbi, ndiye zothyoka nazonso n'zambiri. Ya 2WD imakoka ndi matayala akumbuyo okha. Ukaponda moto mwaphuma pa kona, imazungulira n'kuyang'ana komwe yachokera. Poyamba zimakwiyitsa, koma pakutha kwa mwezi mwana amakhala ataphunzira kuti chala chiyenera kufatsa, ndipo akadzagwira ya 4WD sadzavutika.

Tsono chifukwa chiyani ya m'zidutswa, pamene zilipo zomangamanga kale monga Traxxas Bandit, zongotulutsa m'bokosi n'kuyamba kuyendetsa? Ambiri a ife tinakula tikupinda mawaya kupanga magalimoto, matayala ake a zitsekerero kapena odula ku patapata. Galimoto ya mawaya ikathyoka panalibe wolira, chifukwa woipangayo ankadziwa pomwe yathyokera. Kampani ya Tamiya ya ku Japan yakhala ikugulitsa tigalimoto ta mtundu umenewu m'zidutswa kwa zaka zambiri. Grasshopper ndi Hornet zinatuluka mu 1984 ndipo zinadzatulutsidwanso pambuyo pake, pomwe zatsopanopo monga DT-03 zinapangidwira oyamba kumene. M'bokosi mumapezeka timatumba ta masikuluwu, magiya ndi buku la zithunzi losonyeza chochita chilichonse motsatana. Mwana amene wamanga yekha bokosi la magiya amaona ndi maso ake mmene giya yaying'ono ya pa mota imazunguzira yayikulu, komanso chifukwa chomwe tayala lakunja limazungulira kwambiri kuposa lamkati pa kona. Zimenezi ndakhala ndikujambula pa bolodi zaka zambiri ana akungondiyang'ana. Kuno kulibe sitolo ya zinthu zimenezi, ndiye makaniko wa galimotoyi adzakhala ife tomwe, tifune tisafune.

A komiti ndikuchenjezeni za mtengo, kuti tisadzaoneke ngati tinakubisirani. Bokosi la zidutswa kawirikawiri silikhala ndi rimoti, servo yokhotetsa matayala, batire, chaja ndi penti. Zonsezi n'zogula padera. Tiwonjezerepo ma bearing a chitsulo, chifukwa mabokosi otsika mtengo amabwera ndi tapulasitiki tomwe fumbi la mwezi wa Okutobala lingadye msanga. Masipeya a mikono yakutsogolo ndi magiya abwere ulendo womwewo, poti ndi zomwe zimayamba kuthyoka, ndipo sitingamadikire miyezi itatu kuti wina abwere kuchokera ku Joni ndi kachidutswa kamodzi. Paja palinso msonkho wa pa chipata, kaya n'ku Mwanza kaya n'ku Dedza. Mtengo wolembedwa pa bokosi si ndalama yomwe tidzawononge.

Pa batire ndiye ndaumirira ndithu. Mabatire a LiPo a 7.4V ndi opepuka komanso amphamvu, n'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito amenewo. Koma amafuna chaja yakeyake, safuna kutheratu moto, ndipo akabooka kapena kutchajidwa molakwika amatha kuyaka. Sindingagone tulo podziwa kuti batire yotero yasiyidwa pa chaja m'chipinda cha sayansi magetsi atazima, n'kudzayaka usiku kulibe munthu. Batire ya NiMH ya 7.2V, ya maselo 6, ndi yolemera koma imapirira manja a ophunzira. Imayendetsa galimoto mphindi 15 kapena kuposerapo pang'ono, pomwe mpikisano umodzi wa tigalimoto ta batire nthawi zambiri umakhala wa mphindi 5 zokha. Mabatire awiri pa galimoto iliyonse atikwanira.

Nanga bwanji awiri? Galimoto imodzi yodula ingakhale ya anyamata atatu olimba mawu, ena onse n'kumangoonerera, ndipo atsikana sangaikhudze n'komwe. Awiri ofanana amapanga mpikisano weniweni, chifukwa palibe anganene kuti mnzake wapambana kamba ka mota. Tidzalemba ndandanda, atsikana ndi tsiku lawo, anyamata ndi lawo, ndipo gulu lomwe laphwanya ndi lomwe lidzakonze.

Mmodzi mwa akuluakulu anandifunsa titatuluka ku swala ya Jumu'ah kuti, "Aphunzitsi, kodi izi si israaf, pamene ana ena pano fizi ikuwavuta?" Funsoli si lopepuka ndipo sindinaliyankhe pomwepo. Qur'an imaletsa kumwaza chuma, muwerenge Surah Al-Isra ndime 26 ndi 27. Ngati tingagule chinthu cha liwiro loopsa, n'kuphwanyika sabata ziwiri, n'kukasungidwa mu ofesi ya ahedi mpaka kuchita dzimbiri, bambo aja adzakhala kuti ananena zoona. Chomwe ndikupempha ndi chipangizo cha kalabu chomwe chingamasulidwe ndi kumangidwanso ndi Fomu 1 iliyonse yobwera, monga timachitira ndi zipangizo zina za mu labu. Ndalama ya zakaat kapena ya ana amasiye isakhudzidwe ngakhale tambala. Ngati ya dimba ndi ya kholo lija sizikwana, tidikire teremu ina.

Mpikisano pawokha si woletsedwa. Mabuku a hadith amanena kuti Mtumiki (SAW) ankachititsa mpikisano wa akavalo ku Madinah, ndiponso anapikisanapo pothamanga ndi mayi Aisha (RA). Choopsa ndi chomwe chimatsatira mpikisano masiku ano. Tonse tikuona mmene kubetcha pa mpira kwalowera m'mafoni a achinyamata, ndipo sizingatenge nthawi kuti wina anene kuti tiyeni tiikepo K200. Imeneyo ndi njuga, ndipo Surah Al-Ma'idah ndime 90 inaitchula pamodzi ndi mowa. Amene adzapezeke akubetcha, kaya ndi ndalama kaya ndi mandasi, adzachotsedwa mu kalabu. Adhana ikamveka, marimoti onse pansi, ngakhale patatsala kuzungulira kamodzi kokha.

Bwalo lake tili nalo kale, kuseri kwa bwalo la mpira komwe sikumera udzu. Malire a msewu tidzaika ndi mapaipi akale ndi matayala a njinga, osati njerwa. Nyengo ya mvula tidzapuma, chifukwa madzi ndi zamagetsi za m'kati mwa tigalimoto timeneti sizigwirizana, ndipo ndiyo nthawi yabwino yomasula zonse n'kupukuta. A Fomu 3 ndawapatsa ntchito yolemba mtengo wa chinthu chilichonse chomwe ndatchula pano, mu randi ndi mu kwacha, kuti komiti ikadzakumana, insha Allah, idzaone pepala lathunthu.