Ulemu Wokhazika Okalamba Pansi

M'midzi ya ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka muli akuluakulu ambiri amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ya upolisi kapena ya njanji. Akabwerera kwao, ana amawalanda khasu, nati, "Bambo, mwagwira kokwanira, khalani pakhonde." Mawuwa ndi okoma kumva, koma thupi amalipweteka. Khasulo liyenera kubwerera kwa eni ake.

Munthu akapitirira zaka 60, minofu yake imachepa msanga ngati saigwiritsa ntchito, makamaka ya m'ntchafu. Mafuta ndiwo amachuluka, naunjikana pamimba. N'chifukwa chake sikelo ya kuchipatala ingathe kusonyeza kulemera komweko chaka ndi chaka, pamene mwini wake akulephera kudzuka pamphasa popanda chogwirira. Anansi akaona mimbayo amati penshoni yamuyanja. Sadziwa kuti mafuta a pamimba amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso kuti miyendo yofooka ndiyo imagwetsa okalamba mpaka kuthyoka fupa.

M'chaka cha 2020 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti okalamba azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Kumeneku ndi kuyenda ndawala theka la ola, masiku asanu. Popeza kuchigwa kumatentha, nthawi yabwino ndi m'mamawa. Kupalira m'dimba, kupalasa njinga kukagula usipa, ngakhale kuvina, zonse n'zothandiza, ndipo usipawo ndi nyemba zimamanga minofu.

Koma wodwala mtima, kapena womva kupweteka pachifuwa akamayenda, ayambe waonana ndi achipatala.